Maola Atatu mu Stone Town: Zoti Mudziwe Musanalembe Woperekeza Wanuwanu

Amalawi ambiri opita ku Dar es Salaam ulendo wawo umathera pa Kariakoo. Akapikula katundu n'kumangitsa mabelo, maso amakhala pa basi yobwerera ku Songwe. Ena amapitira galimoto padoko, n'kukhala masiku angapo kudikira mapepala. Chonsecho kuchokera padoko lomwelo, boti lothamanga limafika pachilumba cha Unguja, ku Zanzibar, pakangotha maola awiri, ndipo ukatsika umapezeka uli kale pakhomo pa mzinda wakale wa Stone Town, umene eniake amautchula kuti Mji Mkongwe. Munthu amene ali ndi tsiku limodzi lopuma akhoza kuwoloka m'mawa, kulemba womuperekeza, kuzungulira naye mzindawo wapansi, n'kubwerera tsiku lomwelo. Mafunso otsatirawa ndi amene munthu wotere amakhala nawo.

Kodi woperekeza wanuwanu akusiyana bwanji ndi wa gulu?

Pa ulendo wa gulu mumasonkhana anthu khumi kapena kuposerapo, ochokera kosiyanasiyana, woperekeza ali patsogolo. Njira anaikonza kale, nkhani anaziloweza kale, ndipo akati tiyeni, ndiye kuti tiyeni basi, ngakhale funso likadali pakhosi. Tinjira ta mu Stone Town n'topanikiza moti gulu limayenda mondondozana, ndipo amene ali kumbuyo amangoona pakamwa pa woperekezayo pakugwedera, mawu osawamva.

Wanuwanu amakhala wa inu nokha, kapena inu ndi banja lanu. Amakupezani padoko kapena pamene mwagona, n'kumayenda pa liwiro lanu. Ndalama yanuyo ikugula ufulu wofunsa ndi wosintha njira. Amene walemba woperekeza wakewake n'kumangomutsatira ali duu, kugwedezera mutu chilichonse, wataya ndalama. Bola akanalowa m'gulu. Paja safunsa anadya phula.

Maola awiri kapena atatu okha, n'kuonamo chiyani?

Mzinda wakalewo ndi waung'ono. Uli pakamtunda kolowa m'nyanja, ndipo kuchokera kugombe kukafika pamsewu wa Creek Road, pamene pali malire ake, sipatenga theka la ola ngati sunasochere. Operekeza ambiri amayambira kugombe, pabwalo la Forodhani. Pamenepo pali linga lakale la Ngome Kongwe, chinyumba chachikulu cha House of Wonders, nyumba imene ankakhalamo mafumu, komanso kumpoto pang'ono chipatala chakale cha Old Dispensary chokhala ndi makonde osemasema. Kenako amakulowetsani m'kati, kudzera pamsika wa Darajani umene unamangidwa mu 1904, kufika pa Mkunazini pamene panali msika wa akapolo, kudutsa pa mabafa akale a Hamamni, kupumira pa Jaws Corner, kuona tchalitchi cha Katolika cha St Joseph, n'kukatulukira ku Shangani.

Zonsezi zimatheka m'maola atatu ngati pamalo paliponse mungoimapo mphindi zisanu ndi kujambula chithunzi. Ine sindingakulangizeni choncho. Uzani woperekezayo musananyamuke kuti pa Mkunazini mukufuna kukhalapo ola lathunthu, zinazo aziphatikize m'nthawi yotsalayo. Akakuuzani zowonjezera ulendo wa pachilumba cha Changuu kukaona akamba akuluakulu, kapena wa kuminda ya zokometsera zakudya, kanani. Amenewo ndi maulendo apadera, ofuna tsiku lawolawo.

Bwanji osangoyenda ndekha ndi mapu a pafoni?

Mukhoza, ndipo simungasowe mpaka kale. Kulikonse kumene mungalowere mudzatulukira kunyanja kapena pa Creek Road. Koma pakati pa nyumba zitalizitali zopanikizanazo foni imasokonezeka, kukuonetsani kuti muli tsidya lina la khoma, ndipo tinjira tambiri tilibe zikwangwani. Vuto lalikulu ndi lakuti nyumba zambiri sizidzifotokoza zokha. Nyumba ya Tippu Tip mutha kuidutsa osadziwa kuti pamenepo pankakhala wamalonda a minyanga ndi akapolo amene dzina lake linkanjenjemeretsa anthu mpaka ku Congo. Woperekeza amadziwanso mzikiti umene mlendo sayenera kuyandikira pa nthawi ya mapemphero, ndi agogo amene muyenera kuwalonjera musanadutse pakhonde pawo.

Kodi chilumba chaching'ono chotere chinatchuka bwanji?

Chinatchukitsa Zanzibar ndi mphepo. Kuyambira cha mu Disembala mpaka Malichi imawomba kuchokera kumpoto chakum'mawa, ndipo eniake amaitcha kaskazi. Imeneyi inkakankha zombo za matanga kuchokera ku Oman, ku Persia ndi ku India kubwera kugombe la Africa. Ikatembenuka n'kukhala kusi, yochokera kumwera, m'miyezi yomwe ija kunyanja kwathu kumavuta mwera, zombozo zinkabwerera kwawo zitadzaza. Pakatipo amalonda ankakhala miyezi akudikira mphepo, ena kukwatira konko, ndipo Chiswahili ndi chikhalidwe chake zinakulira m'kusakanikirana kumeneku.

Apwitikizi analamulira gombeli pafupifupi zaka 200, mpaka Aluya a ku Oman atawalanda linga la Fort Jesus ku Mombasa mu 1698. Posakhalitsa Aluyawo anamanga Ngome Kongwe pamalo pamene panali tchalitchi cha Apwitikizi. Koma mzinda wa miyala umene tikuuona lero unakula kwambiri m'zaka za m'ma 1800, pamene mfumu Seyyid Said anasamutsa likulu lake kuchoka ku Muscat kubwera ku Zanzibar cha m'ma 1840. Iye analimbikitsa ulimi wa karafuu, timaluwa touma tonunkhira tija tothira mu mpunga ndi mu tiyi, ndipo anakopa amalonda achimwenye amene ankakongoza ndalama ndi nsalu kwa atsogoleri a maulendo opita kumtunda. Maulendowo ankabwerako ndi minyanga ya njovu ndi anthu. Minyanga inkapita ku India, ku Ulaya ndi ku America. Anthu ena ankagulitsidwa kutsidya la nyanja, ambiri n'kutsala pachilumbapo kulima karafuu. Ngakhale Dar es Salaam weniweniyo anayambitsidwa ndi mwana wa Said, mfumu Majid, m'zaka za m'ma 1860. Bungwe la UNESCO linaika Stone Town pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2000.

Nanga ife a kuno zikutikhudza chiyani?

Zikutikhudza kuposa mlendo wina aliyense amene mudzakumane naye m'tinjira timeneto. Ambiri mwa anthu amene ankagulitsidwa pamsika wa ku Zanzibar ankachokera m'madera ozungulira nyanja yathu. Cha m'ma 1840 Salim bin Abdullah, Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota, n'kukhoma zombo zowolotsera akapolo ndi minyanga kupita kutsidya lakum'mawa. Mafumu ena achiyao monga Makanjira, Mponda ndi Mataka nawonso ankachita malondawa. Akawoloka nyanja, anthuwo ankayenda wapansi kwa miyezi, amuna ali m'magoli, mpaka kukafika ku Kilwa, kumene ankawalongedza m'zombo zopita ku Zanzibar. David Livingstone analemba kuti kazembe wa Britain kumeneko, Rigby, anamuuza kuti akapolo 19,000 ochokera kudera la nyanja ya Nyasa ankadutsa pa kasitomu ya chilumbacho chaka chilichonse. Amenewo ndi okhawo amene anafika amoyo. Otsala m'njira palibe anawawerenga.

Ulusi wina ndi wa mpingo. Amishoni a UMCA anafika ku Magomero mu 1861 motsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie, amene anamwalira chaka chotsatira. Zinthu zitavuta, Bishopu Tozer anasamutsira mishoniyo ku Zanzibar mu 1864. Kumeneko anatsegula sukulu ya Kiungani yophunzitsa anyamata omasulidwa ku ukapolo, ndipo patapita zaka amishoniwo anabwereranso kunyanja n'kukhazikika pa Likoma mu 1885. Leonard Kamungu, wansembe uja dzina lake lili pa sukulu ya zaubusa ya Anglican ku Zomba, anakaphunzira ku Kiungani. Choncho tchalitchi cha St Peter pa Likoma ndi cha Christ Church pa Mkunazini ndi za banja limodzi.

Palinso James Chuma, Myao amene anamasulidwa m'manja mwa ogula akapolo ali kamnyamata mu 1861 kumapiri a Shire. Iyeyo ndi Abdullah Susi ndi amene anatsogolera anzawo kunyamula mtembo wa Livingstone kuchokera kwa Chitambo, m'Zambia ya lero, kumene anamwalira mu 1873, mpaka kugombe la Bagamoyo, ulendo wa miyezi pafupifupi isanu ndi inayi. Mtembowo unadzera ku Zanzibar usanapite ku London.

Operekeza ambiri anazolowera alendo a ku Ulaya, ndipo nkhani yawo imayambira pamene akapolo atsika m'chombo. Muuzeni wanuyo kuti mwachokera ku Malawi, kapena ku Chipata, kapena ku Angonia. Mufunseni za Wanyasa ndi Wayao, monga mmene ankawatchulira anthu athu kumeneko, ndi kumene zidzukulu zawo zinathera. Woperekeza wabwino amasintha nkhani yonse akamva zimenezi.

Pa Mkunazini pali chiyani kwenikweni?

Msika wa akapolo unatsekedwa mu Juni 1873, mfumu Barghash atasaina pangano mokakamizidwa ndi boma la Britain, limene linaopseza kuti litchinga chilumbacho ndi zombo zankhondo. Amishoni anapeza malowo, ndipo pa Khirisimasi chaka chomwecho anaika mwala wa maziko a tchalitchi. Amene anayang'anira ntchitoyo ndi Bishopu Edward Steere, yemwenso anagwira ntchito yaikulu yolemba malamulo a Chiswahili ndi kumasulira Baibulo. Anamwalira mu 1882, ndipo manda ake ali kuseri kwa guwa.

Mukalowa, pitani kutsogolo mukayang'ane pansi pafupi ndi guwalo. Pali kamwala koyera kozungulira, kozingidwa ndi miyala yofiira. Operekeza amati pamenepo ndi pamene panali mtengo womangirirapo akapolo powakwapula. Cha pambali pali mtanda waung'ono wopangidwa ndi thabwa la mtengo umene pansi pake anakwirira mtima wa Livingstone kwa Chitambo. Ndi waung'ono ndithu, moti wothamanga amaudutsa osauona.

Panja pali dzenje la makona anayi. M'katimo mwaima ziboliboli zisanu za anthu, zooneka kuyambira m'ntchafu kupita kumtunda, makosi atalumikizidwa ndi unyolo, nkhope zili ndwii. Anazipanga ndi mmisiri wa ku Sweden, Clara Sörnäs, ndipo zinaikidwa mu 1998. Kuti uzione umayenera kuweramira pansi, monga mmene wogula ankayang'anira katundu.

Pamalo omwewo pali chipinda chachionetsero chokhala ndi zithunzi ndi zolemba za mbiri ya malondawa. Apa ndi pamene operekeza amakonda kufulumiza alendo, chifukwa kuwerenga kumadya nthawi. Musalole. Mapu a njira zochokera kumtunda ali mmenemo, ndipo mukapeza nyanja yathu pamapupo mudzatsata nokha mzere wopita ku Kilwa. Mudzawerenganso chinthu chimene ambiri sachidziwa: kutseka msika sikunathetse ukapolo. Malonda anapitirira mozemba, ndipo lamulo lothetsa ukapolo pachilumbapo linabwera mu 1897. Ngakhale pamenepo, kapolo ankayenera kupita yekha kukhoti kukapempha ufulu wake, ndipo chipukuta misozi chinkapita kwa mbuye wake, osati kwa iye.

Kodi zonse zimene woperekeza anganene ndi zoona?

Ayi. Ena amathira mchere wambiri, ndipo nkhani imene yakambidwa kwa alendo tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri imayamba kumera nthambi.

Chitsanzo chachikulu chili pa Mkunazini pomwepo. Pansi pa nyumba ina yoyandikana ndi tchalitchi pali tizipinda tiwiri tamdima, tofupika denga, tokhala ndi timazenera tating'onoting'ono. Pafupifupi woperekeza aliyense adzakuuzani kuti mmenemo ndi mmene ankatsekeramo akapolo podikira tsiku la msika. Akatswiri ena a mbiri yakale amakayika, ponena kuti nyumba ili pamwambayo inamangidwa ndi amishoni msika utatsekedwa kale, ndipo tizipindato mwina tinali tosungiramo katundu. Lowanimo ndithu, koma mufunse woperekezayo ngati mtsutsowu akuudziwa. Yankho lake lidzakuuzani mtundu wa munthu amene mwalemba. Nkhanza za malonda a akapolo zili ndi umboni wokwanira, sizifuna kuwonjezera.

Zina ndi zopepuka. Pakhomo la tchalitchi adzakuonetsani nsanamira zimene amati amisiri anaziimika chadodolido bishopu atachokapo. Ku Shangani adzakulozerani nyumba ya Freddie Mercury, woimba wa gulu la Queen. Zoona zake n'zakuti anabadwira ku Zanzibar pa 5 Seputembala 1946, dzina lake lili Farrokh Bulsara, koma banja lake linakhalapo m'nyumba zingapo, ndipo iye zaka zambiri za ubwana wake anathera kusukulu yogonera konko ku India. Ngati nyimbo zake simuzidziwa, dutsani. Funsani m'malo mwake za Siti binti Saad, mayi wochokera kumudzi, m'banja losauka, amene anajambulitsa nyimbo za taarab m'Chiswahili ku Bombay mu 1928 n'kutchuka gombe lonse.

Zitseko zija zimatchuka pazithunzi, zili ndi tanthauzo?

Zili nalo. Chitseko chinkalengeza mwini nyumba: chuma chake, chipembedzo chake ndi kumene anachokera. Zachiluya zimakhala za makona anayi pamwamba, nthawi zambiri zili ndi mawu a mu Korani osemedwa pamphuthu. Zachimwenye zambiri zimakhala zozungulira pamwamba, zili ndi zisonga za mkuwa zotukuka m'mizere. Amati zisongazo zinachokera ku India, kumene zinkateteza makomo ku njovu zankhondo. M'tinjira ta Stone Town njovu singakwanemo n'komwe, kotero kuno zinangokhala zodzionetsera. Palinso zitseko za amalonda achigujarati zopindika zigawozigawo, zimene ankazitsegula masana kuti chipinda chapansi chikhale sitolo.

Imani pa chimodzi muchiyang'anitsitse m'mphepete. Mudzaona unyolo wosemedwa kuzungulira mphuthu yonse, nsomba m'munsi, mafunde, maluwa ndi masamba a kanjedza. Za unyolowo operekeza amasiyana: ena amati ndi chizindikiro cha chitetezo cha nyumba, ena amati mwini wake ankagulitsa akapolo. Pambali pa chitseko pamakhala baraza, benchi ya miyala yomangidwa kumodzi ndi khoma, pamene abambo amalandirirapo alendo osawalowetsa m'kati mmene muli amayi. Mvula ikagwa tinjira n'kusanduka mitsinje, anthu amayenda pamwamba pa mabarazawo.

Nyumbazo zinamangidwa ndi miyala yokumba m'mphepete mwa nyanja, yomata ndi laimu, ndipo denga la chipinda chilichonse limagona pa mitengo ya mikoko yomera m'madzi amchere. Mitengo imeneyi sitalika kwambiri, n'chifukwa chake zipinda zambiri ndi zazitali koma zopapatiza. Khoma lotere limafuna kupuma. Amene analimata ndi simenti pofuna kulilimbitsa anatsekera chinyezi m'kati, mitengo n'kuola, nyumba n'kugwa.

Nanga House of Wonders, tingalowemo?

Musayembekezere kwambiri. Mbali ina ya nyumbayi inagwa pa 25 Disembala 2020 ili m'kati mokonzedwa, ndipo ntchito yoibwezeretsa, imene dziko la Oman likuthandiza, yakhala ikutenga nthawi. Funsani woperekeza mmene zilili musanapite. Ngakhale panja pokha pali nkhani. Anaimanga ndi mfumu Barghash mu 1883, ndipo inali nyumba yoyamba pachilumbapo kukhala ndi magetsi komanso chikepe.

Pafupi ndi nyumba yomweyi ndi pamene panachitikira nkhondo imene imatchedwa yaifupi kuposa zonse m'mbiri. Mfumu Hamad atamwalira pa 25 Ogasiti 1896, Khalid bin Barghash analowa m'nyumba yachifumu popanda chilolezo cha Angerezi, amene anali ataika Zanzibar pansi pa chitetezo chawo mu 1890. Anamupatsa mpaka 9 koloko m'mawa pa 27 Ogasiti kuti atuluke. Atakana, zombo zankhondo zinayamba kuwomba mizinga, ndipo pasanathe mphindi 45 zonse zinali zitatha, Khalid atathawira kwa kazembe wa Germany. Operekeza amaikamba moseketsa chifukwa cha kufupika kwake. Kumbali ya mfumu anthu pafupifupi 500 anafa kapena kuvulala. Kumbali ya Angerezi anavulala msilikali mmodzi.

Za 1964 amazikamba?

Ambiri amazilambalala, pokhapokha mutafunsa, ndipo mufunse modekha, muli awiri. Zanzibar inalandira ufulu pa 10 Disembala 1963 mfumu ikadali pampando. Pa 12 Januwale 1964 kunabuka kuukira kumene kunachotsa mfumu Jamshid, ndipo Abeid Amani Karume anakhala mtsogoleri. Anthu masauzande, makamaka Aluya ndi Amwenye, anaphedwa, ena ambiri n'kuthawa. Pa 26 Epulo chaka chomwecho Zanzibar inaphatikizana ndi Tanganyika, n'kubadwa dziko limene lero ndi Tanzania.

Popanda nkhani imeneyi mzindawu sumveka. Nyumba zambiri za othawa boma linazilanda n'kugawira mabanja osauka, angapo m'nyumba imodzi, opanda ndalama zokonzetsera. N'chifukwa chake mudzaona hotela yowala bwino itagundizana ndi nyumba yochirikizidwa ndi mitengo. Mukaima pa Darajani n'kuyang'ana tsidya la Creek Road, kumene kale kunali khwawa la madzi a m'nyanja, mukuona Ng'ambo, dera limene kunkakhala antchito ndi zidzukulu za akapolo. Chapatali pang'ono pali midadada italiitali ya Michenzani imene boma la Karume linamanga mothandizidwa ndi East Germany. Kwa mabanja ena 1964 ndi chaka cha ufulu, kwa ena ndi chaka cha maliro, ndipo woperekeza wanu amachokera ku limodzi mwa mabanja amenewo. Musamukokere ku ndale za lero.

Woperekeza wodalirika ndingamupeze bwanji, ndipo ndi ndalama zingati?

Mukangotuluka pageti la doko adzakuunjirirani anyamata amene kumeneko amawatcha mapapasi. Amachita ngati oitanira minibasi m'depoti: wina wagwira chikwama, wina akuti hotela yanu inatsekedwa, wina akuti iye ndi wa boma. Akaniseni mwaulemu, osaima. Operekeza ovomerezeka amakhala ndi chiphaso cha bungwe la boma loona zokopa alendo, ndipo wabwino sakhumudwa mukapempha kuchiona. Njira yosavuta ndi kupangana naye pasadakhale kudzera pamene mugone kapena ku kampani ya maulendo, n'kulemberana pa WhatsApp malo ndi nthawi yokumanirana.

Mtengo umasintha ndi nyengo komanso kuchuluka kwanu, ndipo kunenerera kumaloledwa. Chofunika ndi kumvana musanaponye phazi: mtengowo ndi wa munthu mmodzi kapena wa nonse? Ndi wa maola angati? Ndalama zolowera pa Mkunazini ndi malo ena olipiritsa zili momwemo kapena mulipira panokha? Nenaninso poyera kuti simukufuna kuzungulira m'masitolo, chifukwa operekeza ena amalandira kangachepe pa chilichonse chimene mlendo wagula, ndiye theka la ulendo limathera posankha nsalu. Pomaliza, ngati wagwira ntchito bwino, muwonjezereni pang'ono. Nyamulani mashilingi a Tanzania, ndi ang'onoang'ono omwe.

Ndivale bwanji, ndipo pali miyambo yoti ndisamale?

Anthu ambiri a ku Zanzibar ndi Asilamu. Valani zobisa mapewa ndi mawondo, amuna ndi akazi omwe. Amayi akakhala ndi chitenje m'chikwama zonse zimalongosoka. Munthu wamkulu mumamulonjera kuti shikamoo, iye n'kuyankha kuti marahaba. Musajambule munthu, makamaka mayi kapena mwana, musanapemphe. M'mwezi wa Ramadan musadye kapena kumwa poyera masana, ndipo Lachisanu masana masitolo ambiri amatseka anthu akapita kumzikiti. M'tinjiramo tcherani khutu ku belu la njinga ndi hutala ya njinga yamoto, n'kutsamira kukhoma.

Samalani ndi nthawi. Tanzania ili patsogolo pa Malawi ndi ola limodzi. Kuwonjezera apo, Chiswahili chimayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, kotero woperekeza akanena kuti saa tatu, akutanthauza 9 koloko m'mawa. Lemberanani nthawiyo m'manambala.

Yambani m'mawa, dzuwa lisanakwere ndiponso msika wa nsomba wa Darajani ukadali wotentha. Mvula yambiri imagwa kuyambira Malichi mpaka Meyi.

Pamafunika mapepala anji?

Amalawi ndi anthu a ku Zambia safuna viza polowa m'Tanzania kukacheza, koma pasipoti muinyamule ngakhale mukuchokera ku Dar es Salaam, chifukwa Zanzibar ili ndi boma lakelake ndipo padoko amaona mapepala a alendo. Kuyambira mu Okutobala 2024 boma limeneli linakhazikitsa lamulo loti alendo ochokera kunja azigula inshulansi ya paulendo ku kampani yake ya boma. Fufuzani mtengo wake musananyamuke. Tikiti ya boti mugule pa ofesi yeniyeni ya kampani, osati kwa munthu wokupezani panjira, ndipo dziwani kuti mlendo amalipira zambiri kuposa nzika.

Ndikamaliza, ndidye kuti?

Pa ulendo weniweniwo pemphani kuti mupumire pa Jaws Corner, kabwalo kamene tinjira tingapo timakumana. Abambo amakhala pa mabaraza kusewera madomino ndi kukambirana za mpira ndi ndale, wogulitsa khofi akuthira khofi wakuda wowawa m'tikapu topanda chogwirira kuchokera m'ketulo yokhala pa makala. Amamwera kashata, kaswiti ka mtedza kapena kokonati. Masana funani urojo, msuzi wachikasu wowawasa wothiramo mbatata ya kachewere, tizitumbuwa ta nyemba ndi chinangwa chokazinga, kapena pilau wonunkhira karafuu yemwe uja.

Chakudya chotchuka kwambiri ndi cha madzulo pa Forodhani, pamene ophika amayala matebulo a nyama yootcha pa timitengo, nsomba, pizza ya ku Zanzibar ndi madzi a nzimbe ofinyira ndimu ndi jinja, anyamata akudumphira m'nyanja kuchokera pakhoma la gombe. Funsani mtengo musanaloze, ndipo sankhani chimene akuotcha inu mukuona, osati nsomba zimene zakhala pathebulo kuyambira masana. Vuto ndi lakuti matebulowo amayalidwa dzuwa likamalowa, pamene boti lomaliza lothamanga lopita ku Dar es Salaam limakhala litanyamuka kale. Ngati Forodhani mukuifuna, konzani zogona konko usiku umodzi. Ngati mukubwerera tsiku lomwelo, gulirani limodzi tikiti yobwerera m'mawa, muuze woperekeza nthawi ya botilo kuti akakusiyeni padoko kukadali ola lathunthu, ndipo m'miyezi ya kusi musakhute kwambiri musanakwere, chifukwa pobwerera mafunde amakhala aukali.